Ola Losunthidwa: Mbiri ya Mawotchi, Malamulo ndi Makina Akale a M'fakitale

Okonda mpira wa ku England amaidziwa nkhaniyi ngakhale sanaifufuzepo. Masewero a Loweruka amene amayamba 3 koloko masana ku London timawaonera 4 koloko mu Ogasiti ndi Sepitembala, koma Novembala akafika amayamba 5 koloko. Ife sitisuntha kanthu. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya ku Greenwich chaka chonse. Osuntha ndi a ku Britain. Lamlungu lomaliza la Malichi, 1 koloko usiku ikakwana, mawotchi awo amalumphira pa 2 koloko, ndipo Lamlungu lomaliza la Okutobala amabwezedwa ndi ola limodzi. Tsiku lina pa chaka limakhala ndi maola 23, lina 25.

Chifukwa chake n'chakuti kwawoko usana umatalika ndi kufupika modabwitsa. Mu Juni, ku London kumawala maola opitirira 16, pomwe mu Disembala safika ndi 8 omwe. Ku Lilongwe kusiyana kwa tsiku lalitali ndi lalifupi ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka basi, choncho palibe chimene tingapindule posuntha mivi. Koma kumene mwambowu unazika mizu, unabala funso limene lavutitsa anthu zaka zoposa 100: lamulo likanena kuti ola lisunthe, alisunthe ndani, pa mawotchi angati, nanga wotchi imene yaiwalika ichita chiyani?

Kuti ola lisunthidwe m'dziko lonse, pamafunika kuti dzikolo likhale kaye ndi ola limodzi. Kale mzinda uliwonse unkayendera dzuwa lake. Bristol anali m'mbuyo mwa London ndi mphindi 10, ndipo mpaka lero wotchi ya pa nyumba ya Corn Exchange mumzindawo ili ndi mivi iwiri ya mphindi. Zinasintha chifukwa cha sitima zapamtunda. Kampani ya Great Western Railway inayamba kuyendera nthawi ya ku London mu 1840, lamulo la dziko linatsatira mu 1880, ndipo makampani a njanji a ku America anagawa dziko lawo m'zigawo za nthawi pa 18 Novembala 1883. Kuyambira pamenepo nthawi inasanduka chinthu chogwirizana anthu, ndipo chimene anthu agwirizana angathenso kuchisintha.

Ambiri amati maganizo osuntha wotchi anayamba ndi Benjamin Franklin, koma kalata yake ya mu 1784 inali nthabwala yoseka anthu a ku Paris kuti amagona dzuwa litatuluka n'kumawononga makandulo usiku. Za wotchi sanazitchule. Woyamba kuzinena motsimikiza anali George Hudson wa ku New Zealand, mu 1895, munthu wokonda kutola tizilombo amene ankafuna kuti akaweruka kuntchito kukhale kukuwalabe. Koma amene anadzipereka pa nkhaniyi ndi mtima wonse anali William Willett, womanga nyumba wa ku London. Akuti poyenda pa hatchi m'mamawa pafupi ndi Petts Wood ankaona mazenera ali chitsekere dzuwa lili pamwamba, ndipo zinkamuwawa. Mu 1907 anasindikiza kabuku kotchedwa The Waste of Daylight. Iye ankafuna kuti mawotchi apite patsogolo ndi mphindi 80, koma pang'onopang'ono: mphindi 20 Lamlungu lililonse kanayi mu Epulo, n'kubwezanso chimodzimodzi mu Sepitembala. Amisiri a makina a masiku ano ayenera kuthokoza kuti njira imeneyo sinadutse, chifukwa bwenzi akuvutika kasanu ndi katatu pa chaka m'malo mwa kawiri.

Willett anamwalira mu Malichi 1915 aphungu asanamumvere. Chimene iye analephera inachichita nkhondo. Pofuna kusunga malasha, Germany ndi Austria-Hungary anasuntha mawotchi pa 30 Epulo 1916, Britain n'kutsatira pa 21 Meyi. America inayamba kusuntha mawotchi mu 1918, koma chaka chotsatira alimi anakana kwamtuwagalu, popeza ng'ombe ndi mame sizimvera nyumba ya malamulo, ndipo aphungu anachotsa lamulolo ngakhale Pulezidenti Woodrow Wilson anayesa kawiri kuwaletsa.

Masiku amenewo ntchito yonse inali ya manja. Kupititsa mivi patsogolo kunali kosavuta, vuto linali kubweza. Mawotchi ambiri oliza belu ankawonongeka ukakankhira muvi m'mbuyo, choncho anthu ankalangizidwa kuimitsa wotchi kwa ola lathunthu, kapena kuzunguliza mivi kutsogolo maola 11, n'kumadikira belu limalize kulira pa ola lililonse. M'mafakitale, m'masukulu ndi m'masiteshoni munali kale njira ina. Wotchi imodzi yaikulu, yopangidwa ndi makampani onga Synchronome kapena Gent wa ku Leicester, inkatumiza kamphamvu ka magetsi pa waya masekondi 30 aliwonse, ndipo mawotchi onse a pakhoma ankasuntha kamodzi akalandira kamphamvuko. Mawotchi a pakhomawo sankadziwa nthawi, ankangowerenga zimene atumiziridwa, ndiponso sankatha kubwerera m'mbuyo. Nyengo yozizira ikamayandikira, mmisiri ankaimitsa wotchi yaikulu ija ola limodzi, nyumba yonse n'kuima nayo. Apa m'pamene panayambira nzeru imene tikuigwiritsabe ntchito: pakhale mwini nthawi mmodzi, ena onse azimvera iye.

Zaka za pakati tingazidutse mwachangu, ngakhale zinali za chipwirikiti. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Britain inafika posuntha maola awiri, ndipo South Africa inayesako mu 1942 mpaka 1944. Nkhondo itatha, ku America mzinda uliwonse unkachita zake. Mu Meyi 1965, mizinda yoyandikana ya St. Paul ndi Minneapolis inakhala masabata awiri ikusiyana ndi ola limodzi. Lamulo la Uniform Time Act la 1966 linabweretsa dongosolo: Lamlungu lomaliza la Epulo mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala. Masiku awiriwa muwasunge, chifukwa pambuyo pake anadzalembedwa pamalo pamene sangafufutike.

Nthawi yomweyo m'mafakitale munkabadwa chinthu chatsopano. Makina opangira magalimoto ankayendetsedwa ndi makabati odzaza ndi ma relay, timaswichi ta magetsi mazanamazana tolumikizidwa ndi mawaya, ndipo mtundu wa galimoto ukasintha amisiri ankatha masabata akumasula ndi kulumikizanso. Mu 1968 nthambi ya Hydramatic ya kampani ya General Motors inapempha chipangizo cholowa m'malo mwa makabatiwo. Gulu la Dick Morley ku Bedford Associates linapanga Modicon 084, ndipo kuchokera pamenepo kunabwera zimene amisiri amazitcha PLC: kabokosi kolimba kamene kamawerenga maswichi ndi masensa, n'kuyatsa kapena kuzimitsa mamota, mapampu ndi mavavu, kakubwereza pulogalamu yake kambirimbiri pa sekondi, usana ndi usiku. Siemens inatulutsa Simatic S5 mu 1979, chaka chomwecho kampani ya Modicon inatulutsa Modbus, njira yolankhulirana pa waya imene ikadalipo mpaka lero, ndipo Allen-Bradley inabweretsa PLC-5 chapakati pa zaka za m'ma 1980.

Ma PLC oyamba analibe nazo ntchito zoti ndi tsiku lanji. Ankangowerenga kutalika kwa nthawi: tsegula vavu masekondi 40, dikira mphindi 5. Makina otere kusintha kwa ola sikuwakhudza n'komwe, ndipo m'maganizo anga ndiwo anali amwayi. Mavuto anayamba atawaikira wotchi ya batire ndi kalendala, anthu n'kuyamba kuwapatsa ntchito zodalira nthawi ya pakhoma. Kuyatsa boyila shifiti ya m'mawa isanalowe. Kupopa madzi usiku pamene magetsi atsika mtengo. Kutseka chiwerengero cha katundu wa tsikulo pakati pa usiku. Kulemba nthawi imene alamu inalira.

Opanga zipangizo anaganiza zothandiza. Kachipangizo ka wotchi ka Motorola kotchedwa MC146818, kamene kanaikidwa mu kompyuta ya IBM PC/AT ya 1984 ndi m'zipangizo zina zambiri, kanali ndi poyatsira kuti kazisintha kokha ola. Lamulo la 1966 lija linaumbidwa m'kati mwenimweni mwa kachipangizoko: Lamlungu lomaliza la Epulo, Lamlungu lomaliza la Okutobala. Mu 1987 America inasamutsira tsiku loyambira ku Lamlungu loyamba la Epulo. Kachipangizo sikapita ku nyumba ya malamulo kukamva zosintha. Kanapitiriza kumvera lamulo lakufa, mokhulupirika, chaka ndi chaka.

Pamene panalibe thandizo lotere, injiniya ankalemba yekha. Ma PLC akale amasunga chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi ndi sekondi ngati manambala asanu ndi limodzi osiyana. Mu SLC 500 ya Allen-Bradley, mwachitsanzo, amakhala pa S:37 mpaka S:42. Ena sadziwa n'komwe kuti lero ndi Lamlungu, choncho pulogalamu imayenera kuwerengera yokha tsiku la sabata, kawirikawiri pogwiritsa ntchito masamu amene Christian Zeller wa ku Germany anafalitsa m'zaka za m'ma 1880. Kupeza Lamlungu lomaliza la Okutobala n'kosavuta ukazindikira kuti mweziwo uli ndi masiku 31: ndi Lamlungu limene likugwa pa 25 kapena kupitirira apo. Zikatero umalemba kuti, mwezi ukakhala wa 10, tsiku likakhala limenelo, ola likakwana 2, bweza likhale 1.

Pamenepo pali msampha umene wakola anthu ochuluka zedi. Wotchi yabwezedwa pa 1 koloko. Pakatha ola, yafikanso pa 2 koloko, mwezi ukadali wa 10, tsiku likadali Lamlungu lomaliza. Pulogalamu iona kuti zonse zakwanira, ibwezanso. Ikhala ikuzungulira pamenepo ngati mbuzi ya pachingwe mpaka munthu adzaitulukire, ndipo za m'mawa zonse zodikira 6 koloko sizichitika. Mankhwala ake ndi kachizindikiro kamodzi kokumbutsa kuti "ndabweza kale", kamene kamafufutidwa tsiku likadutsa. Komanso kachizindikiroko kayenera kusungidwa pamalo posafufutika magetsi akazima, apo ayi kuthima kwa magetsi usiku umenewo kubweretsanso vuto lomwe lija. Nanga ngati makinawo anali ozimitsa pa 2 koloko, popeza ndi Lamlungu? Ndiye kuti ola silisuntha konse, pokhapokha pulogalamu italembedwa kuti pakuyaka izidzifunsa kuti tili m'nyengo iti, osati kungodikira mphindi imodzi yokha ya pa chaka.

Ngakhale wotchi itasuntha bwinobwino, ntchito zimene zakoloweka pa wotchiyo zimasokonekera. Ku Britain, 1:30 usiku kulibe pa Lamlungu lomaliza la Malichi, choncho chimene chinakonzedwa kuchitika nthawi imeneyo chimadumphidwa. Mu Okutobala 1:30 imabwera kawiri, ndipo ngati imeneyo ndi nthawi yothira mankhwala m'thanki, athiridwa kawiri. Pulogalamu imene imapeza kutalika kwa ntchito pochotsera nthawi yoyambira pa nthawi yomalizira inena kuti uvuni watentha maola atatu pamene watentha anayi. M'kaundula wa zochitika, alamu ya 1:50 ikhoza kukhala kuti inalira isanalire ya 1:10. Msika wa magetsi wa ku Britain, umene umagawa tsiku m'zigawo 48 za theka la ola, umakhala ndi zigawo 46 tsiku lina ndi 50 tsiku linalo, ndipo pulogalamu iliyonse yowerengera ndalama iyenera kudziwa zimenezi. Ola likabwezedwa, sitima za usiku za Amtrak ku America zimangoima ola limodzi kudikira kuti ndandanda izipeze.

Kunja kwa fakitale zinthu zinkapita patsogolo msanga. Siteshoni ya wailesi ya DCF77 ku Mainflingen, pafupi ndi Frankfurt, yakhala ikuulutsa nthawi ndi tsiku kuyambira 1973, ndipo imachenjeza mawotchi kukadali ola limodzi kuti kusintha kukubwera. David Mills anakonza NTP, njira yolinganizira mawotchi a makompyuta pa netiweki, imene inalembedwa koyamba mu 1985. Koma chinthu chimene ndimachiona chofunika koposa n'chosaoneka ndi maso. M'zaka za m'ma 1980 Arthur David Olson anayamba kusonkhanitsa malamulo a nthawi a maiko onse m'kaundula mmodzi, amene pambuyo pake Paul Eggert anadzamuyang'anira, ndipo kuyambira 2011 amasungidwa ndi bungwe la IANA. Pafupifupi foni iliyonse ya m'manja imadalira kaundulayu. Dzina la Africa/Blantyre lilimo, ndipo limangoloza ku Africa/Maputo, popeza nthawi yathu ndi imodzi ndipo siisuntha. Nzeru ya kaundulayu ndi kulekanitsa zinthu ziwiri. Wotchi ya m'kati imayendera UTC, nthawi ya dziko lonse imene silumpha ndipo sibwerera, pomwe malamulo a andale amakhala pafayilo yapadera yosinthika, n'kumagwiritsidwa ntchito pokhapokha poonetsa nthawi kwa munthu.

Chaka cha 2007 chinaonetsa poyera amene anatsatira nzeruyi ndi amene sanaitsatire. Lamulo la Energy Policy Act la 2005 linatalikitsa nyengo yosunthayi ku America: kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala. Canada inatsatira. Makompyuta a pa intaneti analandira fayilo yatsopano, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mawotchi odindira makadi a antchito, zoyendetsa mpweya wa m'nyumba zazitali, magetsi a pamphambano ndi ma PLC amene lamulo lakale linalembedwa m'kati mwake anasanduka mtolo. Eni ake amene sanathe kuzimitsa kusintha kodzichitikirako anayamba kugwira wotchi kanayi pa chaka. Mu Malichi aipititse ndi manja. Mu Epulo yalumpha yokha, aibweze. Kumapeto kwa Okutobala yabwerera yokha, aipititse. Mu Novembala aibwezenso. Chipangizo chopangidwa kuti chichepetse ntchito chinaichulukitsa kawiri. Ndipo phindu lake? Unduna wa zamphamvu wa ku America unapeza mu 2008 kuti masabata owonjezerawo anapulumutsa pafupifupi 0.03 peresenti ya magetsi a chaka chonse, pomwe kafukufuku wa Matthew Kotchen ndi Laura Grant m'chigawo cha Indiana anapeza kuti m'makomo magetsi anakwera ndi pafupifupi 1 peresenti.

Wina angafunse kuti bwanji osangotaya makina akalewo. Yankho lili pa ndalama ndi mantha. PLC ya zaka 30 imene ikuyendetsa pampu bwinobwino siichotsedwa chifukwa cha ola limodzi. Kuichotsa kumafuna kuimitsa fakitale, kulumikizanso mawaya mazanamazana, ndi kulembanso pulogalamu imene mwini wake anapuma ntchito kalekale. Choncho ntchito yaikulu ya masiku ano ndi kulumikiza zakale ku zatsopano. Makina akale sadziwa NTP, ndipo ambiri alibe n'komwe pobayira waya wa netiweki. Amalankhula pa RS-232 kapena RS-485, mwina pa liwiro la mabiti 9600 pa sekondi, kapena pa Data Highway Plus, kapena pa Profibus. Pakati pamaikidwa kabokosi komasulira, kapena kompyuta ya SCADA imene imayang'anira fakitale yonse. Iyo imatenga nthawi yolondola kuchokera ku GPS kapena NTP, n'kumailemba m'manambala asanu ndi limodzi aja kamodzi pa tsiku. Ndi wotchi yaikulu ya Synchronome yomwe ija, yangosintha maonekedwe.

Nayonso ntchitoyi ili ndi minga yake. Modbus sidziwa kuti tsiku n'chiyani, imangonyamula manambala, choncho wopanga aliyense anasanja chaka ndi mwezi m'njira yakeyake. Ena, monga Siemens, amasunga manambala a nthawi mwa mtundu wa BCD, moti ukatumiza 25 wamba makinawo awerenga 19. Ukalemba manambalawo limodzilimodzi pafupi ndi pakati pa usiku, tsiku likhoza kusintha uli m'kati molemba, n'chifukwa chake amisiri ozindikira amawatumiza onse pamodzi, pa ola lopanda zochitika. Ndipo pamakhala ngozi ya mabwana awiri: PLC yasuntha yokha ola ndi pulogalamu yake yakale, kenako SCADA nayo yabwera kudzasuntha. Amene amaumirira kuti makina onse aziyendera UTC ali ndi umboni wamphamvu. Magetsi atazima pa 14 Ogasiti 2003 kumpoto chakum'mawa kwa America ndi ku Ontario, n'kukhudza anthu pafupifupi 50 miliyoni, ofufuza anavutika kwambiri kusanja kuti chinayamba n'chiti, chifukwa mawotchi a zipangizo zolembera sankagwirizana. Komabe UTC sithetsa zonse. Shifiti imalowa 6 koloko ya pakhoma, mtengo wa magetsi umasintha pa ola la pakhoma, ndiye penapake payenera kukhala womasulira amene akudziwa lamulo la chaka chino.

Lamulolo silikhazikika. Russia inasintha mu 2011, n'kusinthanso mu 2014. Namibia inasiya mu 2017. Morocco inayamba kumabweza wotchi m'mwezi wa Ramadan, umene umasuntha chaka chilichonse. Egypt inayambiranso mu 2023. Chaka chomwecho boma la Lebanon linalengeza, kutatsala masiku awiri okha, kuti kusintha kwachedwetsedwa mpaka mu Epulo. Mpingo wa Maronite ndi mabungwe ena anakana, dziko linakhala ndi nthawi ziwiri kwa masiku angapo, ndipo kaundula wa IANA anatulutsidwa kawiri m'sabata imodzi. Palibe pulogalamu yolembedwa mu 1992 imene ikanalosera zoterezi.

Tsopano mphepo ikuwombera kothetsa mwambowu. Mu 2018 anthu 4.6 miliyoni anayankha funso la European Union, ndipo 84 peresenti anati kusinthaku kuthe. Nyumba ya malamulo ya mgwirizanowo inavomereza mu Malichi 2019, koma maboma sanagwirizanebe. Ku America nyumba ya Senate inavomereza zofanana mu Malichi 2022, nkhani n'kufera m'nyumba inayo. Kumene anathetsa kale, zinaoneka kuti kusiya nakonso ndi ntchito. Brazil itasiya mu 2019, mafoni ena analumphabe ola okha, anthu n'kudzuka msanga popanda chifukwa. Mexico inasiya m'madera ambiri mu 2022. Foni imakonzedwa ndi fayilo yotumizidwa pa intaneti. PLC-5, imene Rockwell Automation, mwini wa Allen-Bradley, inasiya kupanga mu 2017, imafuna munthu apite pamene ili, atanyamula laputopu yakale yokhala ndi pulogalamu yoyenera ndi waya wolumikizira amene masitolo anasiya kugulitsa, apemphe chilolezo chokhudza makina amene akuyenda, kenako afufuze m'mizere mazanamazana yopanda ndemanga mpaka apeze pamene wina anayerekeza mwezi ndi nambala 10.